Matabwa Owamba

Ku Chirimba, kuseri kwa njanji,
a Likoswe andiyalira matabwa awiri.

Lofiirirali, akuti, langolawa moto,
ndi la m'nyumba, la siling'i.
Lakudali lagonera m'ng'anjo,
lapsa mpaka kumtima.
Chiperoni chikaphimba phiri la Ndirande
silitupa, silipindika,
koma uyambe waboola usanakhome msomali,
limang'aluka ngati munthu wosazolowera kukalipiridwa.

Ndagogoda onse awiri ndi chala.
Lakuda layankha mouma, mopepuka,
mawu a bambo anga atabwerako ku migodi.

Ndalama zanga n'za khonde lokha.
Kuchipinda tiziwerengabe mizere ya malata
chaka china.

Mnyamata wa wilibala watsogola,
fungo la utsi likutilondola
mpaka pakhomo.