Mzere wa Zina ndi Zina

A Shawa a ku ofesi anati: lembani zofunika zokha,
zimene munthu sangakhale moyo popanda izo.
Anandipatsa pepala la mizere khumi ndi iwiri
ndi bolopeni yomangidwa chingwe.
Atandiyang'ana, anaimasula, nati ndikabweze Lolemba.

Tsopano ndi usiku ku Navutika,
malaiti anapita dzuwa lisanalowe.
Tikambenji wagwira foni kuti iunikire tebulo.
Tebulolo linawerengedwa kale, lili pa pepala lina
pamodzi ndi fuliji, sikelo ya soya,
ndi lole yopanda injini
imene yagona kwa makanika ku Kapata.

Tayamba ndi pensulo ya mwana, kuopa kulakwitsa.

Lendi: palibe mkangano.
Ufa: ndalemba matumba awiri.
Iye akuti atatu.
Ndikuti awiri aoneka bwino kwa anthu a khoti,
wangongole asamaoneke wokhuta.
Akuti ndiye mudzaphike ndinu mwezi ukakalamba,
thumba likagwa khosi pakona paja.

Ana angati? Likufunsa pepala.
Obala ife ndi atatu.
Koma mbale timatsuka zisanu ndi ziwiri.
Yotamu ndi Lekeleni, a malemu akulu anga,
tinabwera nawo kuchokera ku maliro ku Chadiza
ndi chola chimodzi cha pulasitiki.
Chikalata chonena kuti ndi anga palibe.
Ali ndi mphuno ya atate basi,
ndi mapazi okula msanga kuposa nsapato.

Makala, madzi, sopo, mapilisi a bipi.
Toktaimu ndaichepetsa,
poti ondiimbira masiku ano amalipira okha:
a banki, a kaloba, ndi mlimi wa ku Vubwi
amene ndinamutengera soya pa ulemu
mtengo usanagwe.
Iye sakalipa. Amangofunsa za ana,
ndipo ndi iyeyo amene amandisowetsa tulo.

Kodi shuga ndi wofunika?
Ndafunsa mokweza, ngati a Shawa ali pakhomo.

Pansi penipeni pali mzere wa zina ndi zina,
waufupi ngati kamtengo ka machesi.
Ndilowetsemo bwanji chipepeso cha pa maliro?
Amayi atatisiya, anthu anabwera ndi nkhuni pamutu,
anyamata anakumba mvula ili mkati.
Ndikaleka kuponya twente kwacha m'mbale ya anzanga,
adzanditenga ndani ine?
Banki sikumba manda.
Nanga chilimba cha Tikambenji,
nanga ya njinga, Lunkhwakwa akadzaza
ndipo wamng'ono sangawoloke yekha kupita ku sukulu?

Tawonkhetsa.
Zaposa zimene ndimapeza poyeza nshawa za eni ake
pa sikelo yobwereka ku msika.
Tafufuta. Tawonkhetsanso. Zaposabe.
Tikambenji watenga pensulo, wakhwatcha mafuta ake odzola.
Ndawabwezera. Wakhwatchanso.
Pepala lapyapyala pamenepo, laboola,
kuwala kwa foni kwadutsa pabowo
nkugwera pa chitenje chake.

Mwadzidzidzi malaiti abwera,
wailesi yoiwalidwa yabangula pakati pa nyimbo,
ndipo taona kuti sitinali awiri.
Yotamu wakhala tsonga pamphasa kuseri kwa mpando,
bulangete lili m'mapewa,
sindidziwa kuyambira mzere uti.

Akuti, atate aang'ono,
ine tiyi ndimamwa ngakhale wopanda shuga.

Palibe wayankha.
Tikambenji wapita kukazimitsa wailesi,
wachedwa komweko.

Ndaika pensulo pansi, ndatenga bolopeni ya a Shawa.
Pa ana ndalemba asanu, modinikiza.
Pa ufa, matumba atatu.
Shuga ndamulemba ndi dzina lake, makilo awiri,
kunja kwa mzere, m'mphepete mwa pepala,
kuti Lolemba akandifunse
ndikawauze.