Mikono Itatu Patebulo la Dashnyam

Unapindika Lachinayi, mkono wakumbuyo kumanzere,
pamtsinje wouma kumadzulo kwa Dalanzadgad,
pamene mwala umene sindinauone
unandiona ine.
Phokoso silinali lalikulu: gu! basi,
ngati chitseko chotsekedwa m'nyumba ya eni.
Koma ekiselo inapotoka,
galimoto n'kuyamba kuyenda chammbali ngati nkhanu,
mphuno kuloza kwathu, matako kulakalaka kwina.
Makilomita makumi asanu ndi anayi ndinakwawa,
katemera wa ngamila akufunda m'bokosi kumbuyo,
ine ndikunyengerera chitsulo ngati chili ndi makutu.

Lero Dashnyam wayala mikono itatu patebulo lake la girisi.
Sakunena kanthu. Akupukuta zala chimodzichimodzi.

Woyamba ndi mphwake wa malemu uja:
paipi yopyapyala, utoto wakuda waliwali,
wotchipa, wopepuka ngati fupa la mbalame.
Ndaugogoda ndi sipanala, walira ngati belu la kusukulu.
Ayi. Kulira kumeneku ndinakumva kale.

Wachiwiri ndi wa anyamata a ku Ulaanbaatar,
wofiira psuu, wonenepa ngati mwendo wa ng'ombe,
mfundo zake chitsulo chokhachokha, labala n'komwe,
woti ukaupotokola umatalika, ukabweza umafupika.
Mtima wanga wathamangira pomwepo.
Ndaunyamula ndi manja awiri, mano onse pamtunda.

"Umenewo supindika, Oyunbileg," watero mkuluyo,
"ngakhale utagunda phiri.
Koma nkhonya ya mwala sifera m'njira,
imafuna pogona.
Mkono ukaikana, idutsa, ikagogoda pachasisi,
ikang'ambe pomwe anawotcherera,
ndipo chasisi sindisunga pashelefu.
Nalonso fumbi la Gobi limadya mfundo zotere
ngati mbewa m'thumba la ufa.
Pofika chisanu uzidzamva gwedegwede
mpaka m'zibwano."

Ndaubweza pansi mwakachetechete,
monga mmene umabwezera mwana wa eni akayamba kulira.

Wachitatu ulibe dzina, ulibe ndi bokosi lomwe.
Wotuwa, khungu lokhuthala ngati chala changa chaching'ono,
kumimba anauwotcherera nthiti yachitsulo
kuti uzitsetsereka pamwala m'malo mogwada,
ndipo kunsonga zonse ziwiri kuli mabushi a labala,
akuda, ouma mutu, koma odziwa kugonja pang'ono.
Mtengo wake nkhosa zinayi, ukawerenga bwino.

Ndakumbuka bambo anga pomanga ngamila ulendo:
chingwe cha kumphuno sankachimanga mfundo yakufa.
Ankati nyama ikadzidzimuka, chimasuke chingwe,
mphuno itsale.
Ndinkayesa ulesi wa zala zokalamba.
Zaka makumi awiri zapita
kuti ndiwamve, m'galaja yonunkha dizilo.

"Iwiri," ndatero. "Kumanzere ndi kumanja.
Wakumanjawo sunapindike, koma unaona zonse."

Dashnyam waseka ndi mphuno, walowa pansi chagada.
Mabawuti akale akana, awathira mafuta, awaopseza ndi moto,
limodzi laduka, watukwana agogo ake a bawutilo.
Atsopano wawalowetsa koma sanawamange.
Watsitsa jeke kaye, matayala apsompsona simenti,
wandiuza ndikweze zigubu zamadzi, tayala lapadera, bokosi la mankhwala,
ndikhalenso pampando ine mwini.
"Labala amangidwe atasenza katundu wake wa masiku onse.
Ukam'manga ali m'malere, adzang'ambika akatsika."
Kenako kwi, kwi, kwi, mpaka sipanala yati tha.

Wopindika uja sindinautaye.
Uli kuseri kwa mpando, wokhota ngati chigongono,
pamodzi ndi chingwe chokokera ndi tiyi wa m'fulasiki.

Kunja mphepo yayamba kale kusesa msewu.
Kwa Tömörbaatar ngamila makumi asanu ndi limodzi zikudikira jakisoni,
ndipo pakati pa ine ndi izo
pali mtsinje womwe uja, mwala womwe uja.
Ndayang'ana pagalasi potuluka m'tauni:
mizere iwiri yokha pamchenga,
matayala akumbuyo akuponda ndendende
m'mapazi mwa akutsogolo.