Envulopu Yomaliza

Malipiro amalowa pakati pa usiku, pa 28,
ine ndili mtulo.
Podzuka ndimapeza alendo adya kale:
mwininyumba wadula nthuli yake,
khonsolo ya Wolverhampton yatapa msonkho,
a foni, a madzi, a inshuwalansi,
aliyense ali ndi kiyi wa ku banki kwanga.
Sagogoda. Satsanzika.
Ndalama za kuno sindidziwa n'komwe fungo lake.

Kwathu ngongole inkabwera pa njinga,
unkaionera patali n'kutuma mwana:
kawauze ndachokapo.
Ya kuno imalowera pa kabowo ka pachitseko,
n'kugona pa kapeti mu envulopu yakhaki,
dzina langa atalilemba molakwika.

Novembala. Mawindo akutuluka thukuta.
Lolemba ndinathira mapaundi makumi awiri mu mita ya gasi,
lero Lachinayi yayamba kale kulira.
Fatsani akuti tiyatse hita.
Ine ndikuti valani juzi yachiwiri.
Tikukangana monong'ona kuopa kudzutsa mwana,
ife amene zaka zisanu ndi zitatu ku Chilomoni
sitinayambanepo chifukwa cha mphepo.

Madzulo ndimaima pafupi ndi mafiriji a m'sitolo
ngati ndikuwerenga zolembedwa pa batala,
chonsecho ndikudikira mnyamata wa timapepala tachikasu
adzatsitse mtengo wa nkhuku.
Tilipo anayi odikira.
Sitiyang'anana.

Foni yanjenjemera m'thumba. Achimwene a Kondwelani:
"Chemwali, feteleza wakweranso.
Kwa inu ndi timapaundi tochepa chabe."
Paundi ikakwera ndege imakafika itanenepa,
sadziwa kuti kuno imaonekera nthiti.
Iwo amachulukitsa, ine ndimachotsera,
samu ndi imodzi
koma mayankho athu sanakumanepo.

Mayi Doreen, amene ndimawasambitsa m'mawa uliwonse,
anaiwala dzina la mwana wawo,
ine amanditcha Margaret.
Koma pansi pa pilo amasunga maenvulopu akalekale:
lendi, malasha, mkaka, nsapato za ana.
Mulibe kanthu tsopano.
Amawawerengabe, kunyambita chala,
kuwerenga mpweya mosamala.
Tsiku lina ndinaona yachisanu, yothimbirira,
pamwamba pali dzina lawo lokha.
Ndinafunsa, nanga iyi?
Anandiyang'ana ngati ndafunsa za kumwezi.
"Amuna anga sankaidziwa.
Ndinagulira chipewa chofiira."
Anaseka mpaka mano oikirira anagwedera.

Usiku womwewo, onse atagona,
ndinatola maenvulopu akhaki aja,
omwe aja obwera ndi ngongole,
n'kuwagoneka chafufumimba pa tebulo.
Kumsana kwawo kunali koyera, kolembeka.
Gasi.
Tikiti ya basi.
Chipereganyu cha amayi a ku tchalitchi,
chomwe ine ndidzalandire m'Malichi, Mulungu akalola.
Ulendo wa kusukulu wa Sungeni, mapaundi khumi ndi asanu.
Kumudzi.
Umu ndinaikamo zomwe ndingathe,
ndipo zikatha, zatha.
Mawu amenewa ndikuwaphunzirabe,
ndimawayeserera pagalasi la kubafa
kuti ndidzawanene osapepesa kanayi.

Inatsala imodzi.
Cholembera chinazungulira m'mwamba ngati kabawi.
Ndinaganiza za denga la amayi lomwe likudontha,
za matayala a galimoto ya Fatsani,
ndinachita manyazi ngati ndagwidwa ndikuba shuga.
Ndinalembabe.
Ndinaponyamo mapaundi awiri achitsulo,
anagwera pakona, phi, olemera kuposa mtengo wake.

Masitepe analira. Sungeni watsika kudzamwa madzi,
maso ali tulo tokhatokha, sokosi mwendo umodzi.
Anaima pambali panga
n'kuyamba kuwerenga ndi chala,
Chichewa chake chopunduka ndi chisanu cha kuno.
Gasi anaidziwa. Dzina lake analipeza, anamwetulira.
Pa yomaliza anaima.

"Amayi, Esinati ndi ndani?"

Mita inaliranso kukhitchini.
Sindinadzuke.
Ndinati, ndi mayi wina amene ndinabwera naye pa ndege,
tinasiyana pabwalo pomwepo, aliyense ndi chikwama chake.
Ndikumusungira ya chipewa.