Ndowa Zisanu ndi Zinayi

Loweruka chiperoni chitangokata
zinaima zitatu pa Chitakale,
mphuno zitaloza kuphiri ngati ng'ombe zodikira dibi.
Eni ake alowa mkati kukamwa zozizira.
Panja patsala madalaivala, ine,
ndowa yanga ndi chinsanza cha malaya a malemu atsibweni.

A Nakhumwa, a yoyera ija, ayamba:
"Landikuluza ndi njovu, achimwene.
Tinakwera nayo Thekerani mvula ili pakati,
sinatsokomole n'kamodzi komwe."

A Thombozi aseka mpaka kugwira tayala.
"Njovu yake iti, yogwedeza matumbo chonchija?
Talowani mu Renji Rova mumve.
Mpando umakuotha msana wokha.
Ukadina batani imadzuka,
ukadinanso imagwada
ngati mkamwini pamaso pa apongozi."

"Nanga ikadwala?
Si chaka chatha chomwechi inagona miyezi itatu pamiyala ku Limbe
kudikira kachitsulo kochepa ngati chala,
nkhuku mpaka kuikira mazira pansi pake?"

Mnyamata wa Pulado sakulowerera.
Wakhala pamwala, akuwonkhetsa malita kuseri kwa lisiti,
milomo ikuyenda yokha.
Abwana ake amafunsa dontho lililonse.

Akangana za mahatchi obisala mu injini,
za magiya, za chikopa cha mipando,
aliyense akuti yanga, yanga,
pomwe madzulo akaiimika kumpanda, napereka makiyi,
nakwera minibasi ya ku Bangwe.

Kenaka anditembenukira.
"Iwe Dafuleni, zonsezi umazigwira. Weruza."

Ine sindinagwirepo chiwongolero chikuyenda.
Ndimazidziwira kunsi, nditagwada,
kumene dothi lofiira la m'minda ya tiyi
limamatirira mofanana pa zonse.
Yoyera imamwa ndowa zisanu ndi zinayi.
Yakuda khumi ndi imodzi,
chifukwa utoto wakuda ndi kazitape,
umaulula paliponse padutsa chinsanza.
Pulado zisanu ndi ziwiri basi.
Mtengo ndi umodzi, madzi ndimatunga ndekha kutsidya kwa msewu.
Mukafunsa msana wanga, wavotera Pulado.

Ndimadziwanso zogwera pansi pa mipando:
makoko a mtedza, pulogalamu ya maliro,
kansapato ka mwana ka phazi lamanzere,
ndolo imodzi imene a Thombozi anailanda msanga
n'kuiponya m'thumba osandiyang'ana.

Koma zimene ndinachita sindinawauze.
Ndikupukuta kumbuyo kwa yoyera ija
ndinapinda mipando, ndinayeza ndi mkono.
Mikono inayi.
Munthu atha kugona osapinda mwendo,
wina n'kukhala pambali kumugwirira mutu.

Januwale uja Esinala atayamba kumva m'mimba usiku
tinamukweza pa kabaza,
ine ndikuthamanga pambuyo, dzanja pamsana pake,
tochi ya foni kukamwa.
Pa mlatho wamitengo tinamutsitsa, anawoloka chokwawa.
Tinafika kuchipatala kukuyera.
Iye anabwerako.
Kabulangeti kobiriwira tinagula pa Limbuli
kakadali m'pepala lake.

Ndiye ndinangoti, "Zonse ndi zabwino, mabwana,"
iwo nati ndine wandale.

Eni ake atuluka akutokosa m'mano.
Wina wapanikiza mtengo wa nanazi kwa mayi wa pamsewu
mpaka wachotsetsa mahandiredi awiri.
Zitseko zatsekeka mofewa, ngati pakamwa pa munthu wosunga chinsinsi.
Yakuda yadzuka pamaondo ake,
yoyera yatsogola, Pulado pambuyo,
zonse zaponda chithaphwi chomwe chija
ndisanakolowole n'komwe chinsanza.

Phiri lavundukuka pang'ono, laonetsa phewa.
Madzi ofiira akutsikira mu ngalande.
Ndawerenga ndalama kawiri,
ndatenga ndowa,
kwabwera kale ina, yasiliva, matope mpaka m'magalasi.