Funso la Khumi ndi Chinayi

Ku Mgona ndinakhala pa chidebe chovundikira,
tabuleti pabondo, batire ili pafupi kutha.
Funso la khumi ndi chinayi:
Mumapita kangati kukatunga madzi pa tsiku?
Kabokosi kali yasa, kudikira nambala.

A Nankhoma anaseka. Zimatengera, mwanawe.
Zimatengera ngati mpopi walankhula m'mawa
kapena wangotsokomola mpweya,
ngati wogulitsa madzi wapita kumaliro ku Nsalu
makiyi ali m'thumba,
ngati wamng'onoyu wayambanso kutsekula m'mimba.
Tsiku limene tinaika bambo ake a Zione
ndinapita kasanu ndi kawiri,
koma ine sindinamwe ngakhale dontho.

Ndinalemba 3.
Kabokosi kanatseka pakamwa.

Lachinayi, ku ofesi ku Area 47,
a Kachingwe anayatsa pulojekita:
makomo mazana anayi ndi khumi ndi awiri
atasanduka mizati yabuluu pakhoma.
Ndisaname, mizatiyo inaona zomwe ine sindinaone,
kuti kumunsi kwa njanji chidebe chimakwera mtengo pakutha pa mwezi,
kuti a Nankhoma sali okha, alipo mazana.
Mizati ndiyo imagwedezetsa mitu ya akuluakulu;
mawu a mayi mmodzi amangoti ndi dandaulo.

Mnzanga Wongani amayenda ndi kojambulira mawu.
Amatha ola lathunthu pakhonde limodzi,
nabwerako ndi masamba makumi awiri
a "eee", a "ndiye paja",
ndi chete wautali
amene amamulemba ndi timadontho titatu.
Iye amati ine ndimawerenga mitu, nkhope osaziona.
Ine ndimati iye amadziwa nkhope imodzi ngati yake,
koma m'funseni za khomo loyandikana nalo.
Timakangana mpaka chipisi kuzizira pachiwaya.

Usiku magetsi atazima
ndinamufunafuna 3 wanga uja.
Ndinamupeza pa mzere 287,
waukhondo, wosanyowa,
wosadziwa kulemera kwa nkhata
kapena dzina la womwalirayo.

Kasanu ndi kawiri kaja
ndinakalemba kuseri kwa lisiti ya mayunitsi.
M'mawa ndinam'patsa Wongani.
Anawerenga, nakhala chete,
timadontho titatu,
kenaka anafunsa osandiyang'ana:
Kodi otere alipo angati?