Muyeso wa Sungeni

Tepi yanga sinama.
Pakhonde la sitolo pa Kamwendo
ndayeza akwati, ana a kwaya, amayi a Mvano,
koma tsiku lija ndinaikayikira.

Ndinkasokera Sungeni diresi la Khirisimasi,
mwana wa zaka zitatu ndi theka.
Mikono inali itachepa kuposa muyeso wa chaka chatha,
pamimba patawonjezera mainchesi anayi.
Ndinayezanso. Anayi.
Amake anati wakhuta mango.
Ndinaika chikhatho pansi pa nthiti zakumanzere
ndipo chinalipo, cholimba ngati papaya losapsa,
chosapweteka. Mwana ankangoseka, ati ndikumugirigisha.

Tinayamba ndi mankhwala a njoka.
Mkodzo utafiira tinati likodzo, si amasewera kudambo?
Thupi likatentha usiku tinkati malungo,
koma magazi anakana kawiri konse.
Miyezi iwiri inapita choncho,
ine ndikungomasula msoko wa diresi lomwelo.

Ku Boma anamupaka mafuta ozizira pamimba,
nayendetsapo kachipangizo, nakhala chete.
Kalata ya ku Lilongwe inalembedwa tisanafunse kanthu.

Kumeneko dokotala wamkazi anatenga pepala,
najambula nyemba ziwiri, imodzi naizunguliza:
khansa ya impso.
Sitidula lero, anatero. Chakula, chingaphulike.
Tiyamba taona ngati chafika m'mapapo.
Kenako mankhwala a mumtsempha, sabata ndi sabata,
kanayi, mwina kasanu n'kamodzi, kuti chifote.
Chikafota tichotsa impso yonseyo.
Tikachiyeza tidziwa miyezi ya mankhwala otsatira.
Tsitsi lithothoka, azisanza, musadzati walodzedwa.
Impso imodzi imamufikitsa munthu pa imvi.

Ndiye anandiyang'ana m'maso.
Ambiri chikangophwa amathawa naye,
poti mwana wayamba kusewera.
Bambo, inu mudzabwera?

Ndinawerengera mumtima mtengo wa minibasi,
mayunifolomu a Januwale osadula,
mtedza wosapalira, ngongole ya ulusi.
Kenako ndinakumbukira nsalu yatsopano:
timayamba taiviika m'madzi kuti ifupike
tisanailowetse sizasi.
Woidula youma amadzalira diresi likachapidwa.
Ndinati ndamva. Ndidzabwera.

Lero ndi Lachiwiri lachitatu.
Makina ndinapinyolitsa kwa alamu anga ku Kapiri,
tepi ndinatsala nayo.
Anesi sadziwa kuti akazimitsa magetsi
ndimaizunguliza pamchombo mwana ali mtulo,
n'kulemba kuseri kwa kabuku kachipatala
ndi pensulo yanga yolembera nsalu.
Inchi imodzi yapita.

Diresi lili m'chikwama, pansi pa mbale,
losapinda m'munsi.