Womasulira wa ku Rotten Row

Lolemba, chipinda chachisanu ndi chimodzi,
fani yakufa, mafayilo omanga ndi kachingwe.
Kalaliki aitana: Boma kutsutsana ndi Yobe Kathumba!
Mkuluyo aimirira m'bokosi, manja ali kumbuyo,
nandinong'oneza: "Mwanawe, Bomalo ndi uti?
Ine sindinayambanepo naye."

Ndiloza ndi chibwano mtsikana wa jekete yakuda.
"Uyo, woimira boma pa milandu.
Akuti mawaya a kopa a ku Graniteside
anatuluka pageti inu muli mlonda."
"Nanga wakhala pamwambayo?"
"Majisitireti. Alibe mbali.
Amamva, n'kuyeza, n'kugamula."

Ntchito yanga ndi kuolotsa mawu,
Chingerezi tsidya lino, Chichewa tsidya ilo,
osataya ngakhale dontho.
Koma mawu ena ndi miyala, amamiza bwato.

Rimandi: kudikira kokhala ndi mpanda.
Belo: kupita kwanu pa ufulu wobwereka.
"Ndiye kugula mlandutu kumeneko?"
"Ayi, ndi chikole. Mukamabwera tsiku lake, idzabwezedwa."
Aseka ndi mano atatu:
"Chikole ndinapereka kamodzi, kwa make Esinati,
mpaka lero sichinabwerere."

Afunsa: mukuvomera kapena mukukana?
"Ndinagona, mwanawe.
Kugonako ndikuvomera. Kubako ndikukana."
Ndiolotsa zonse ziwiri, chilichonse ndi kulemera kwake.
Cholembera chapamwamba chisankha liwu limodzi:
wakana.

Ndiwauza za mboni, kuti imayamba yalumbira,
kuti "ndinamva anthu akunena" sakwera pasikelo,
kuti wosenza mtolo wa umboni ndi Boma, osati iwo.
"Lamulo likuti ndinu wosalakwa
mpaka umboni utakugwetsani."
Ayang'ana kabudula wa khaki amene awaveka,
ayang'ana ine.
Kuyang'ana kotero kulibe Chingerezi chake.

"Nanga akandigwetsa?"
"Pali apilo, bambo. Makhoti ndi masitepe:
pano ndi pansi,
kenako Khoti Lalikulu m'tauni muja,
pamwamba pake la Suprimu,
ndi lina losunga malamulo aakulu a dziko.
Lapamwamba likanena, lapansi limamvera."
Asisita bondo.
"Ndinatsika sitima kuno ndili mnyamata,
Harare akadali Sozibele.
Mawondo awa akakwera zonsezo?"

Mlandu waimitsidwa mpaka pa folotini.
Belo: madola makumi asanu,
ndi kukasaina ku polisi ya Mufakose Lachisanu lililonse.
Kumabenchi, Esinati amasula mfundo ya mpango,
awerenga kawiri,
apereweza asanu ndi awiri.

Madzulo mu kombi ya ku Dzivarasekwa
kondakitala akuwa za chenji,
ine ndikutafuna liwu limene sindinalembetse.
Potsika masitepe a kuselo mkuluyo anatembenuka:
"Kwanu n'kuti, mwanawe?"
"Agogo anali a ku Ntcheu."
"Basi," anatero, "lero ndamveka."

Chikwama changa chapepuka ndi madola asanu ndi awiri.
Zimenezo musakauze khoti.